Mwana Ali Pabedi M'chipatala, Maganizo Ali Paulendo

Zimene tinamva m'sewero

Amayi, ambiri mwa inu munamvera sewero lija la pa wailesi lonena za mnyamata wa zaka 7 amene anagwa mumtengo wa mango n'kuthyoka fupa la ntchafu. Kuchipatala anamugoneka chagada, mwendo ataumangirira chingwe ndi chitsulo cholemera kuti fupa lilunzane mowongoka. Adokotala anauza mayi ake kuti mwanayo akhala choncho kwa milungu ingapo.

Masiku oyamba mwana ankangolira, nsima osailawa. Koma tsiku lina m'mawa anadzuka akumwetulira nati, "Amayi, ine ndachokera ku Joni. Ndinakwera ndege pa Chileka." Mayi wa pabedi loyandikana anagwira pakamwa. Madzulo ake kumpopi kunali manong'onong'o akuti mwana uja amauluka usiku, alipo amene akumuphunzitsa. Agogo ake atabwera kudzazonda, anamva mdzukulu wawo akunena kuti mawa akwera sitima yapamadzi kupita kutali. Iwo anayamba kusisima, amvekere, "Mwanayu akutitsanzika."

Mayi uja anabalalika. Anakalipira mwana kuti asadzanenenso zoterozo, ndipo usiku anayamba kumanga katundu kuti athawe naye kupita kwa asing'anga. Namwino wa usiku anamupeza akumasula chingwe cha pamwendo. Sanamukalipire. Anakhala pansi nafunsa mwana uja kuti, "Kodi ndege yakoyo ili kuti?" Mwana anapisa dzanja kunsi kwa pilo natulutsa kabokosi ka mankhwala kotha ntchito, atakabaya timitengo tiwiri ngati mapiko. Nkhani za ku Joni anazimva kwa amalume ake amene amagwira ntchito kumeneko.

Mwanayo akanachotsedwa m'chipatala usiku umenewo, fupa likanalunzana mokhota, mwendo n'kufupika, mwina n'kumatsimphina moyo wake wonse.

Titakambirana seweroli ndi amayi m'magulu omvera wailesi ndiponso kusikelo, mafunso amene anabwera kawirikawiri anali atatu. Kodi mwana wodwala akamanena za maulendo amene sanayende, ndiye kuti chavuta n'chiyani? Kodi tizimuletsa kapena tizimulekerera? Nanga tingadziwe bwanji ngati akusewera kapena matenda akula? Tiyeni tiyankhe mafunsowa bwinobwino.

Kodi mwana amamva bwanji akagonekedwa?

Matenda ena amasunga mwana m'chipatala masiku awiri kapena atatu okha. Koma alipo ena amene amatenga nthawi. Mwana wothyoka ntchafu akhoza kukhala pabedi milungu 4 mpaka 6, malingana ndi msinkhu wake. Mwana wopsa ndi moto kapena phala, monga zimachulukira m'miyezi yozizira ya June ndi July, amatsukidwa mabala kwa masiku ambiri. Pali ana a mafinya m'fupa, a chifuwa chachikulu cha msana, a kunyentchera amene ali kumagulu, ndi a khansa yotupitsa nsagwada kapena mimba yotchedwa Burkitt. Ambiri mwa ana otere amatumizidwa ku zipatala zikuluzikulu monga Gulupu ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, kutali ndi kwawo.

Tangoganizani. Dzulo mwanayu amathamangira mbuzi, kusewera fulaye ndi kuphika masanje ndi anzake. Lero wagona malo amodzi, akuona denga lokhalokha. Fungo ndi lachilendo. Anthu ovala zoyera akubwera ndi singano. Usiku magetsi sazima ndipo ana ena akulira. Sakudziwa kuti adzatuluka liti, pakuti kwa mwana wamng'ono "mlungu wamawa" ndi mawu chabe.

Ana ambiri a zaka 3 mpaka 6 amaganizanso kuti matenda ndi chilango. Amati mumtima, "Ndinakwera mumtengo amayi atandiletsa, n'chifukwa chake akundibaya." Mantha oterewa amachititsa mwana kukana chakudya, kusowa tulo, kukodza pogona ngakhale anasiya kale, ndi kulimbana ndi anamwino pa nthawi ya mankhwala.

Ulendo wa m'maganizo n'chiyani?

Mwana akafika chaka chimodzi ndi theka kapena zaka 2, amayamba masewera oyerekeza. Chitsononkho chimasanduka mwana wobereka kumbuyo. Chigoba cha sopo chimasanduka basi. Akamakula, amayamba kupeka nkhani zazitali za malo amene anangowamva kwa akuluakulu, kusukulu, kutchalitchi, kumzikiti kapena pa wailesi. Mwana aliyense wa nzeru zabwinobwino amachita zimenezi. Inunso munazichita pamene munkaphika nsima ya dothi m'chigoba.

Tsono miyendo ikamangidwa pabedi, mwana amatsala ndi njira imodzi yotulukira panja, ndiyo ya maganizo. Bedi limasanduka bwato, neti imasanduka nyumba, chitsulo chopachikapo diripi chimasanduka mlongoti. Apa mwana sakunama. Akusewera, ndipo masewerawa akumupepuza mtima.

Dziwaninso kuti ana osapitirira zaka 5 kapena 6 nthawi zina sasiyanitsa bwino maloto ndi zochitikadi. Akalota atakwera ndege, m'mawa amafotokoza ngati anakweradi. Mwana wotere akazunguliridwa ndi akuluakulu, namufunsa mobwerezabwereza ndi moopseza kuti, "Wakutenga ndani usiku?" amatha kutchula dzina lililonse kuti amusiye. Mabanja ena apasuka, ndipo agogo ena osalakwa apirikitsidwa m'midzi chifukwa cha mawu a mwana wamantha. Chonde amayi, musamufunse mwana mafunso otere.

Kunena za ulendo si kutsanzikanso ayi. Ife anamwino timasangalala tikaona mwana amene anali zii wayamba kupeka nkhani ndi kupempha chidole. Kawirikawiri chimenechi ndi chizindikiro choti mphamvu zayamba kubwerera. Mwana amene timada naye nkhawa ndi uja wangoti ndwii, osafuna kusewera, osalabadira chilichonse.

Kodi zimathandiza bwanji?

*Zimachepetsa ululu.* Ululu umayambira pabala koma umamvekera m'bongo. Bongo ukatanganidwa ndi chinthu china, ululu umamveka pang'ono. N'chifukwa chake dzino limapweteka kwambiri usiku muli chete kusiyana ndi masana mukusinja ndi anzanu. Mantha nawo amalimbitsa minofu, ndipo jakisoni wobayidwa pamnofu wolimba amapweteka koposa.

Mu 2021 akatswiri a ku Brazil anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pa ana 81 ogonekedwa m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Ana ena anawawerengera nthano kwa mphindi pafupifupi 30, ena anasewera nawo zilapi. Atayeza malovu a anawo, anapeza kuti madzi a m'thupi otchedwa cortisol, amene amachuluka munthu akakhala ndi nkhawa, anatsika. Madzi ena otchedwa oxytocin anakwera. Oxytocin ndi yemwe uja amathandiza mkaka kutuluka mukamayamwitsa, ndipo amakhazika mtima pansi. Anawo ananenanso kuti ululu wachepa. Magulu onse awiri anapindula, koma a nthano anapindula koposa.

*Zimathandiza bongo kukula.* Bongo wa mwana umakula ndi chakudya, komanso ndi kuona, kumva, kugwira ndi kulankhulidwa. Pa mfundo 10 zimene bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linakhazikitsa zosamalira mwana wonyentchera kwambiri m'chipatala, imodzi ndi ya kumuonetsa chikondi ndi kusewera naye kwa mphindi 15 mpaka 30 tsiku lililonse. Motero kumagulu, mkaka ndi chiponde zimayendera limodzi ndi masewera.

Ku Kingston m'dziko la Jamaica, mu 1986 ndi 1987, anayamba kutsatira ana 129 opinimbira a miyezi 9 mpaka 24 amene anali m'makomo mwawo. Ena mwa anawo ankayenderedwa ndi alangizi a zaumoyo mlungu uliwonse kwa zaka 2, kuphunzitsa amayi awo kusewera nawo ndi zidole zopanga okha. Patapita zaka 20, ana aja atakula, zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2014 zinaonetsa kuti amene ankaseweretsedwa aja ankapeza ndalama zochuluka ndi pafupifupi 25 pa 100 iliyonse kuposa anzawo. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

*Ndi ufulu wa mwana.* Pangano la maiko onse la ufulu wa ana la 1989, limene Malawi anavomereza mu 1991, limanena pa ndime 31 kuti mwana aliyense ali ndi ufulu wopuma ndi kusewera. Ufulu umenewu suthera pakhomo la wodi.

Mwayi umene tili nawo

Kale m'zipatala zambiri za ku Britain, makolo ankaloledwa kuona mwana wawo kwa nthawi yochepa kwambiri, mwina kamodzi pamlungu. Mu 1952 bambo wina dzina lake James Robertson anajambula kanema wa mtsikana wa zaka 2 amene anakhala m'chipatala masiku 8 mayi ake asakugona naye. Anthu anaona mmene mwanayo anavutikira mumtima. Mu 1959 lipoti la boma la dzikolo linalangiza kuti makolo aziloledwa kuona ana awo nthawi iliyonse, ndi kuti amayi a ana aang'ono azigona nawo m'chipatala.

Kwathu kuno mayi kapena gadiyani amakhala pambali pa mwana usana ndi usiku, ngakhale nthawi zina amagona pansi. Anamwino ndife ochepa ndipo odwala ndi ambiri. Sitingathe kukhala pabedi lililonse n'kumasimba nthano. Munthu amene mwana amamudziwa mawu ake, amene ali naye pafupi nthawi zonse, ndinu.

Mmene mungayendere ulendo ndi mwana wanu

Simufunika ndalama kapena kudziwa kuwerenga. Chitani izi:

1. Sankhani nthawi yabwino. Mwana akhale atadya, atamwa mankhwala, ndipo asakhale ndi tulo. Madzulo alendo atapita ndi nthawi imene ana ambiri amasungulumwa.

2. Khalani pafupi, mugwireni dzanja, ndipo lankhulani motsitsa kuti musasokoneze odwala ena.

3. Mufunseni kuti, "Lero tipite kuti?" Asankhe yekha. M'chipatala zinthu zonse amamusankhira ndi ena, nthawi yodya, nthawi yogona, nthawi ya jakisoni. Ulendo wokhawu ukhale wake.

4. Mufunseni chokwera. Kodi ndi njinga ya kabaza, minibasi, sitima, ndege kapena msana wa njovu? Chilichonse n'chololedwa.

5. Muzifunsa kwambiri, muzinena pang'ono. "Ukuona chiyani? Kukumveka chiyani? Kukununkhira chiyani? Madziwo ndi ozizira? Takumana ndi ndani?"

6. Musamukonze. Akati ku Lilongwe kuli nyanja, musiyeni. Za mapu adzaphunzira kusukulu.

7. Pomaliza bwererani naye. Nenani kuti, "Tafika tsopano, tili pabedi pathu, amayi ali pompano. Mawa tidzapitiriza." Mwana amagona ali ndi choyembekezera.

Mphindi 10 kapena 15 ndi zokwanira. Mukaona kuti watopa, lekani.

Malo amene mungapite

Amayi ena anati, "Ine sindinayendepo, ndimuuza za kuti?" Yambani ndi zimene munamva. Mukhoza kukwera sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda pa nyanja ya Malawi mu 1951. Nyamukani pa Monkey Bay, muone asodzi a usipa ndi nyali zawo usiku, muime pa chilumba cha Likoma pamene pali tchalitchi chachikulu cha miyala ndi milambe yambiri, mugule nthochi pa Nkhata Bay, mpaka mukafike ku Chilumba. Bedi ndiye sitimayo, ndipo woyendetsa ndi mwana wanu.

Tsiku lina dutsani m'minda ya tiyi ya ku Thyolo mukakwere phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, kuposa malo ena onse m'Malawi. Tsiku lina mukaone mvuu ndi njovu mumtsinje wa Shire ku Liwonde, kapena mbidzi ku Nyika. Mukhoza kutsata njanji mpaka ku doko la Nacala ku Mozambique, mukalawe madzi amchere a nyanja yaikulu. Mwana wamkulupo muuzeni kuti anthu anapondapo pa mwezi mu 1969, kenaka mumufunse kuti iye akanatenga kamba wanji.

Koma musadabwe mwana akasankha kumudzi. Kwa mwana wa ku Nsanje amene wagonekedwa ku Blantyre, malo akutali amene akuwalakalaka ndi pakhomo pa agogo ake. Yendani naye njira yonse. Tsikani basi pamsika, dutsani pachigayo, olokani kamtsinje, galu akulandireni, mulonjere aliyense potchula dzina lake. Ulendo wotere umamutsimikizira kuti kwawo kukadalipo ndipo anthu akumudikira.

Nthano zathu nazo ndi ulendo. Mukati "Padangotero," ana a mabedi oyandikana amayankha okha kuti "Tili tonse." Za Kalulu ndi Fisi zimasangalatsa ana a misinkhu yonse. Pewani nthano za mizukwa, za afiti ndi za ana otayidwa m'nkhalango, makamaka usiku.

Zoseweretsa za pabedi

*Mwana wosakwana chaka:* Mufungatireni, muyang'aneni m'maso, muimbireni, ndipo muyankheni akamachita phokoso. Mangani kansalu kowala pamene angakaone. Ikani timiyala m'kabotolo ka pulasitiki n'kutseka zolimba kuti aziseka nako.

*Wa chaka chimodzi mpaka zaka 3:* Mupatseni kapu, supuni ndi mbale zoyera kuti aziika ndi kutulutsa. Musokereni chidole cha nsalu. Bisani nkhope m'chitenje n'kutulukira. Muonetseni zithunzi za pachitenje chanu n'kumatchula maina ake.

*Wa zaka 3 mpaka 6:* Mabokosi a mankhwala otha ntchito amakhala magalimoto, nyumba ndi ndege. Pemphani kwa anamwino amene ali oyera. Sokosi yakale yochapa bwino ikavekedwa kudzanja imakhala nyama yolankhula. Mulekeni akhale dokotala wa chidole chake, achibaye jakisoni ndi kachidutswa ka udzu, achimange bandeji. Pamenepo mudzamva zimene iye akuopa.

*Wa zaka 7 kupita m'tsogolo:* Kope ndi pensulo ndi chuma chachikulu. Ajambule mapu a ulendo wake, alembe kalata kwa anzake a m'kalasi, apinde mapepala kukhala mabwato. Jambulani bawo pakatoni. Ponyeranani zilapi. Ngati n'kotheka, abale abweretse mabuku ake a kusukulu kuti asatsalire.

Ngati muli ndi foni, mwana akhoza kuona zithunzi za abale ake kapena kulankhula ndi bambo ake. Koma foni isalowe m'malo mwa inu. A WHO mu 2019 analangiza kuti ana osakwana zaka 2 asamaonetsedwe makanema, ndipo a zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Pakanema mwana amangoonerera, pamene pa nthano amapanga yekha zithunzi m'mutu mwake.

Pa nthawi ya jakisoni ndi kutsuka bala

Apa ndi pamene ulendo umagwira ntchito kwambiri. Koma choyamba muuzeni mwana zoona. Musanene kuti, "Sizipweteka," pamene zipweteka. Akazindikira kuti munamunamiza, mawa sadzakukhulupirirani. Nenani kuti, "Zipweteka pang'ono, kenaka zisiya. Ine ndili pompano."

Ngati anamwino alola, mukhazikeni pamiyendo panu atatsamira pachifuwa chanu. Yambani ulendo singano isanafike. Mufunseni kuti awerenge ng'ombe zimene akuziona pawindo la basi yake. Muuzeni apume mpweya wambiri n'kuuzira pang'onopang'ono ngati akuziziritsa phala, kapena ngati akukankha bwato lake ndi mphepo. Mwana woyamwa muyamwitseni pa nthawi ya jakisoniyo, pakuti bere limachepetsa ululu.

Akalira musamuchititse manyazi ndi mawu akuti, "Mwamuna salira." Zikatha muyamikireni chifukwa chogwira dzanja osagwedeza.

Ndipo amayi, tisiye kuopseza ana kuti, "Ukapanda kudya ndiitana anesi akubaye." Mwana woopsezedwa chotere amaona namwino ngati mdani.

Kumbukiraninso kuti nthano si yolowa m'malo mwa mankhwala opha ululu. Ngati mwana akumva kupweteka kwambiri, uzani anamwino. Funsani ngati angalandire mankhwala a ululu nthawi yotsuka bala isanakwane.

Kusiyanitsa kusewera ndi kubwebweta

Gawo ili ndi lofunika koposa. Pali kulankhula kwina kumene si masewera, ndipo kukufunika chithandizo msangamsanga.

Mwana amene akusewera:
- mukamuitana dzina amatembenuka n'kuyankha;
- amakuzindikirani, ndipo mukamufunsa amadziwa kuti ali m'chipatala;
- nkhani yake imalondoleka, ngakhale ili yopeka;
- nsima ikabwera amaimitsa ulendo n'kudya.

Mwana amene akubwebweta:
- sakukuzindikirani, kapena akukutchulani dzina la munthu wina;
- mawu ake ndi opanda mutu ndipo sakuyankha zimene mwafunsa;
- maso angoti tong'o kapena atembenuzika;
- akutolatola zinthu zosaoneka pabulangete, kapena akukuwa ndi mantha osatonthozeka;
- akugona kwambiri, osadzuka ngakhale mumugwedeze.

Zimenezi zikhoza kubwera ndi kutentha thupi kwambiri, malungo a m'bongo, matenda oumitsa khosi, kutsika kwa shuga m'magazi, kutha madzi m'thupi kapena kuperewera mpweya. Mukaona chimodzi mwa zizindikirozi, kapena mwana akukomoka ndi kugwedezeka, khosi lauma, akulephera kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, kapena akupuma movutika, itanani namwino nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Musadikire kuti kuche. Musachite manyazi kuti mwina mwalakwitsa. Ngati muli kunyumba, thamangirani naye kuchipatala.

Zoyenera kusamala

- Funsani anamwino masewera amene mwana wanu akuloledwa. Wa diripi asapinde kapena kukoka dzanja la diripi.
- Musamasule chingwe kapena kunyamula chitsulo chokoka mwendo, ndipo ana ena asachiseweretse.
- Mwana wosakwana zaka 3 musamupatse mikanda, nyemba, mtedza, mabatani, ndalama zachitsulo kapena zitsekerero za mabotolo. Akhoza kutsamwa nazo kapena kuzilowetsa m'mphuno ndi m'khutu.
- Majumbo a pulasitiki asakhale pafupi ndi mwana wamng'ono.
- Galimoto za mawaya ndi ng'ombe zadothi zidikire kunyumba, makamaka kwa mwana wa mabala.
- Masirinji, singano, magolovesi ndi mabotolo a mankhwala ogwiritsa kale ntchito si zidole.
- Musayatse machesi kapena kandulo m'wodi, makamaka pafupi ndi mpweya wa okosijeni.
- Sambani m'manja ndi sopo, inu ndi mwana, musanasewere ndiponso mukatha. Tsukani zidole tsiku ndi tsiku. Mwana wa chikuku, wotsekula m'mimba kapena wa matenda ena opatsirana asabwerekane zidole ndi anzake.

Mvetserani zimene ulendo ukunena

Ana sadziwa kunena kuti, "Ndili ndi nkhawa." Amazinena kudzera m'masewera. Mwana akamati basi yake yasiya amayi pasiteji, mwina akuopa kuti tsiku lina mudzapita osabwerera. Choncho musamachoke mozemba iye ali m'tulo kapena atayang'ana kumbali. Muuzeni kuti, "Ndikupita kukaphika, ndibwera dzuwa likafika pawindo ilo," ndipo sungani lonjezo. Akamati chidole chake chadwala chifukwa n'chosamvera, muuzeni momveka kuti matenda ake si chilango.

Pali ana ena amene matenda awo ndi aakulu, ndipo mwina adokotala akuuzani kuti sadzachira. Ana oterewanso amafuna kusewera, kuseka ndi kuyenda maulendo awo. Musawamane. Mwana akafunsa funso lolemera, musamutseke pakamwa. Mufunseni kuti, "Iwe ukuganiza bwanji?" ndipo mumvetsereni. Pemphani anamwino kuti akulumikizeni ndi a chisamaliro cha odwala matenda okhalitsa, komanso abusa kapena ashehe anu, kuti musasenze nokha.

Nanga mayi akatopa?

Mayi wina pa zokambirana zathu anati, "Ine ndagona pasimenti milungu itatu, ndalama zatha, ana ena ndawasiya kumudzi. Mphamvu ya nthano ndiitenga kuti?" Funso limeneli ndi loona. Kudikirira wodwala ndi ntchito yolemetsa, ndipo tsiku limene mwalephera musadziimbe mlandu.

Mutu umodzi susenza denga. Gwirizanani ndi amayi anzanu a m'wodi. Wina akapita kukaphika kapena kukachapa, wina asimbire ana a mabedi awiri kapena atatu. Bambo, agogo ndi amalume akabwera kudzazonda, asangoima kumapazi kwa bedi n'kumapukusa mutu. Akhale pansi auze mwana za ulendo umene anayendapo. Ana okulirapo amene ayamba kupeza bwino amakondanso kusimbira anzawo aang'ono.

Mukatuluka m'chipatala

Ana ena akafika kunyumba amakakamira mayi, amalota zoopsa kapena kukodza pogona kwa masiku angapo. Musawamenye. Zimenezi zimatha pang'onopang'ono. Alekeni asewere za chipatala ndi anzawo, wina dokotala wina wodwala, pakuti ndi mmene amatulutsira zimene anaona. Ngati papita milungu ingapo mwana akadali wamantha, wosadya kapena wosafuna kusewera, kafotokozeni kuchipatala. Musaiwale tsiku limene anakuuzani kuti mubwerere naye.

Mafunso okambirana pagulu

1. Mukanakhala mayi wa m'sewero uja, mukanachita chiyani mutamva manong'onong'o a kumpopi?
2. Kodi agogo amene akuti mwana akutsanzika mungawafotokozere bwanji mwaulemu?
3. Tchulani zizindikiro zitatu zosonyeza kuti mwana akubwebweta.
4. Ndi zinthu ziti za pakhomo panu zimene mungapangire chidole chosavulaza?
5. Ndi nthano iti imene munaimva muli mwana imene mungasimbire mwana wanu lero?

Kumbukirani

- Mwana wodwala amafuna mankhwala, chakudya, chikondi ndi masewera.
- Mwana wopeka maulendo ali pabedi akusewera. Musamuletse ndipo musamuopseze.
- Muuzeni zoona za jakisoni, kenaka mutengeni paulendo.
- Mwana wosakuzindikirani, wolankhula zopanda mutu kapena wosadzuka akufunika namwino nthawi yomweyo.
- Musachotse mwana m'chipatala adokotala asanamutulutse. Ngati china chikukuvutani mumtima, bwerani tikambirane.